Mthuthuthu Wodzozedwa wa Aleck Kamwendo

Kuseri kwa mafulati a ku Thamesmead kuli mzere wa magalaja a zitseko zamalata. Ambiri adadzaza matiresi akutha ndi mafiriji akufa, koma lachisanu ndi chiwiri ndidalipeza lotsegula, mkati muli munthu wa imvi atagwada ngati akupepesa kwa njinga yamoto. Ndidafikako chifukwa basi idathera pomwepo. Khadi la okalamba limandikweza ulere, ndiye masiku ano ndimangopita kumene basi ikupita, n'kutsika, n'kupeza woti ndimumvere. Khalidwe limeneli ndidaliyamba ku Kitwe, ndidapitiriza ku Beira ndi ku Joni, ndipo zitsiru ndaziona za mitundu yonse. Koma chitsiru chaluso ngati ichi ndidali ndisanachipeze.

Ndidamva akutukwana bawuti m'Chichewa, ndiye ndidapereka moni. Dzina lake Aleck Kamwendo, wa zaka 58. Adabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket ku Zimbabwe, kumene bambo ake adafika wapansi kuchokera ku Dedza. Kuno ku London amakonza mabedi ndi njinga za odwala pa chipatala china. Chichewa chake chidali cha pa famu, chothira Chishona apa ndi apo.

Mthuthuthuwo adaugula uli zidutswazidutswa m'makatoni atatu. Udapangidwa ku Birmingham mu 1957, kainjini kake kakang'ono ngati mutu wa mbuzi. Adati mtundu womwewo ndi umene manijala wa pa famu ankayendera m'minda, ana n'kumauthamangira m'fumbi. Kuumanga kudamutengera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndidafunsa ngati amapita nawo kuntchito, ndipo adandiyang'ana ngati ndatukwana amayi ake. Sudali woyendera. Udali wothamangitsa.

Masewera ake ali chonchi, ndipo musaseke msanga. Kupitirira Romford kuli bwalo la ndege la nthawi ya nkhondo, kumene ndege zidasiya kutera kalekale. Kawiri pa chaka azungu a ndevu zotuwa amasonkhanako ndi zinjinga zawo zakale. Sathamangitsana ayi. Aliyense amanyamuka yekha, kulunjika mailo imodzi, makina n'kuyeza liwiro lake. Akafika uko amatembenuka, amadikira mpata wake, n'kuthamanganso kubwerera, chifukwa mphepo imene idakukankha popita iyenera kukukaniza pobwera. Akaphatikiza maulendo awiriwo, ukapezeka kuti waposa amene adatsogola, dzina lako amalilemba m'buku lawo. Basi. Palibe chikho, palibe mbuzi, ngakhale botolo la Fanta.

M'gulu la tinjinga takale tating'ono ngati kake, rekodi idali mamailosi 71 pa ola, ndipo idakhala zaka khumi ndi zinayi osagwedezeka. Ndidamuuza kuti vani ya buledi imapitirira liwiro limenelo dalaivala akudya sangweji. Iye adati vani ya buledi sadaimange ndi manja ake munthu wa ku Banket.

Chimene chidandibweza ku galajako Loweruka lililonse ndi ichi. Aleck adali ndi shuga, ndipo shugayo idayamba kudya maso. Kuti uthamange pa bwalo lija pamafunika laisensi yake, ndipo saipereka asanakuyeze maso. Yake inkatha kumapeto kwa Seputembala. Mkazi wake Sekai, yemwe ndi nesi ndipo kunyengerera sakudziwa, adamuuza poyera kuti akadzapitanso kokayezetsa adzawerenga chilembo chachikulu cha pamwamba chokha. Msonkhano wa mwezi umenewo udali wake womaliza, ndipo iye ankadziwa.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi ake. A Jailos, bambo a Sekai, a zaka 79, adabwera kudzaona zidzukulu, ndipo uwu udali mwezi wawo wachinayi. Pa famu adali kalaliki wolemba matikiti a aganyu. Famu itagawidwa, ntchito n'kutha, adatulukira kuti ali ndi mphatso yodzoza. M'chikwama chawo cha kutchalitchi simunkasowa botolo la mafuta a olivi, omwewa ogula m'sitolo. Chifikireni ku Thamesmead adali atadzoza firiji, galimoto ya Sekai, mapasipoti onse a m'nyumba, ndi kalata yochokera ku maofesi a zolowa ndi kutuluka m'dziko a ku Croydon, imene mpaka lero ukaikweza padzuwa umaona kuseri.

Pamaso pa munthu ameneyu Aleck sankakhala munthu. Mwamuna wa imvi, m'nyumba mwake momwe, ankasiya sofa n'kukakhala pa kampando ka kukhitchini, maso pansi, manja okonzeka kuomba. Ulemu wa mkamwini ndimaudziwa, nanenso ndidakwatirapo kawiri. Koma kwathu ku Ntcheu mkamwini amati inde pakhonde, akafika kumunda n'kulima mmene akudziwira. Ana a pa famu awa mwambo adauphunzira kwa makolo osowa kwawo, oopa kuti ungatayike m'njira, n'kusanjikapo wa Ashona pamwamba, ndiye adaumanga mfundo ziwiri. Inde wa Aleck adali inde mpaka m'mafupa.

Sabata yomaliza yonse adathera pa chinthu chimodzi. Lamulo loyamba la bwalo lija ndi lakuti njinga isadonthe. Dontho limodzi la oyilo pa phula, wobwera pambuyo pako pa liwiro la 150 akaliponda, mkazi wake avala zakuda. Injini zakale zimatuluka thukuta mwachibadwa, ndiye Aleck adasintha magasiketi onse, adamanga mabawuti ndi waya, adatsuka paliponse ndi mswachi, n'kuyala katoni yoyera pansi pake masiku atatu. Lachisanu adandionetsa katoniyo ngati satifiketi ya mwana. Yoyera mbee.

Loweruka m'mawa adafuna kuchoka mwakachetechete. Adapeza a Jailos atavala kale suti, chikwama pamiyendo, akudikira pabalaza. Palibe adawaitana, ndipo palibe akadawaletsa. Aleck adatsogola ndi vani yobwereka, ife tidatsatira pa galimoto ya Sekai, yemwe adali atangoweruka kuntchito osagona. Titafika adagonetsa mpando, adati tisamudzutse pokhapokha wina atathyoka khosi, n'kutseka maso.

Pa bwalopo padali mphepo, udzu, ndi nkhalamba zokankha zitsulo. Njinga iliyonse isanaloledwe pa phula imayamba yadutsa kwa woyendera. Aleck adalowa pamzere, anthu anayi patsogolo pake. Apa ndi pamene a Jailos adatsegula chikwama.

"Amkamwini, tagwadani. Mudhudhudhu uwu sungapite kunkhondo uli maliseche."

Aleck adagwada bondo limodzi m'zovala zake zachikopa. Pemphero lidali lalitali. Adatchula magaleta onse a m'Malemba, lamoto lija ndi omira m'nyanja aja. Adatemberera mphepo, misomali, nsanje za achibale a ku Banket, ndi aliyense wa pa bwalopo amene mtima wake sudali woyera. Azungu a pamzere adavula zipewa mwamanyazi, monga amachitira akasowa chochita.

Ine ndinkayesa anyowetsa chala n'kupaka pa thanki. Ayi. Munthu wa pa famu sakhulupirira mankhwala ochepa, amadziwa kuti fetereza akachepa fodya sakula. Adathira pa chiwongolero. Adathira pa thanki, mafuta n'kutsetsereka mbali zonse kulowa m'mizere ya injini. Adathira pa chishalo. Kenako adawerama movutikira, bondo likulira, n'kulozetsa botolo pakati pa gudumu lakumbuyo pamene pali buleki, akuti mapazi a kavalo ndi amene amasowa dalitso koposa.

Ndinkayang'ana Aleck. Diso lake limodzi lidali chitsegulire. Adaliona botolo likupendekera. Dzanja lake lidanyamuka pa bondo, lidafika pakati pa njira, n'kubwerera pamene lidachoka. Botolo litauma, adati, "Ameni."

Woyendera dzina lake adali Marvin, mzungu wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe, woyenda ndi kansalu koyera m'thumba. Sadafunike n'kukatulutsa komwe. Adaima, adayang'ana dziwe lachikasu limene linkakula pansi pa mthuthuthu, adaviika chala, adanunkhiza. Adafunsa kuti ikudontha pati. Aleck adati sikudontha, ndi mafuta a pemphero. Marvin adayang'ana nkhalamba ya suti, adayang'ana botolo, ndipo nkhope yake sidasinthe.

"Kaya achokera kumwamba, bwana Kamwendo, pa phula langa sapondapo."

Adalongosola bwinobwino. Atsuke njinga yonse. Achotse gudumu lakumbuyo, atsegule buleki, amuonetse kuti mwauma. Akatero alize injini mphindi khumi pamwamba pa katoni yoyera. Katoniyo ikatuluka yoyera amupatsa chikwangwani chomulola. Bwalo amatseka folo koloko, ndipo kumeneko kulibe kupempha, chifukwa eni nyumba zozungulira adapangana kale ndi akhonsolo za phokoso.

Nthawi idali hafu pasiti naini. Ntchito ya maola awiri, ikachuluka atatu. Mpata udalipo wokwanira kuthamanga kanayi. Aleck adakankhira mthuthuthu pambali pa vani, adatulutsa nsanza ndi chitini cha mankhwala otsukira.

"Amkamwini, nsanzayo ndi yachiyani?"

Aleck adayang'ana nsanza ija ngati wina wamuikira m'manja osamuuza. Adatola chipewa chake chachitsulo n'kuyamba kupukuta galasi lake.

A Jailos adatambasula mpando wopinda, adaukhazika pafupi penipeni ndi gudumu lakumbuyo, adakhala pansi, chikwama pamiyendo. Adati chimene chaikidwa ndi pemphero sichichotsedwa ndi nsanza. Adati kamzungu ka magalasi kaja ndi mlonda wa pachipata chabe, mtima wake ufewa dzuwa likafika pamutu, iwo adaonapo mitima yolimba kuposa umenewo pa famu. Aleck adaomba m'manja pang'onopang'ono.

Teni koloko idakwana. Njinga zidayamba kulira pa phula, imodziimodzi. Aleck adapukuta chipewa mpaka chidawala ngati mbale ya alendo. Adasanja masipanala motsatana kukula kwake. Adawasanjanso. Cha m'ma leveni adaganiza nzeru: adauza apongozi ake kuti kutsidya kwa bwalo kuli kalavani yogulitsa tiyi wabwino kwambiri, wotentha, mwina angakonde kukaona. A Jailos adati ndi maganizo abwino, awabweretsere wa masupuni atatu. Ndipo adapita. Ndidamuona ndi maso angawa, munthu amene adamanga injini kuchokera m'makatoni, akudutsa bwalo lonse m'zikopa zake zolira ngati chitseko, atagwira kapu ya pepala ndi manja awiri kuti isatayike.

Ndidamutsatira kuseri kwa vani. Ndidamuuza kuti akawauze akuluwo kuti asunthe, mawu ochepa chabe, dziko silitha.

"Madala, inu simukudziwa. Munthu uja adandipatsa mwana wake ndilibe ngakhale nsapato."

"Ndiye lero mukubweza ndi maso anu?"

Ndidati ndikadzutse Sekai, adandigwira mkono n'kunena kuti kukaneneza bambo kwa mwana wawo ndi chipongwe choposa nsanza. Mungafunse kuti bwanji sindidapite ndekha. Kunena zoona, ndinkafuna kuona pamene munthu angafike.

Dzuwa lidafika pamutu, lidapendeka. Mtima wa Marvin sudafewe. Adadutsa kamodzi akudya apozi, adayang'ana mthuthuthu uli chinyezimire, adayang'ana wotchi yake, n'kupitirira. A Jailos adayamba kusinza, ndipo Aleck adasendera ndi nsanza kumbuyo kwa msana ngati wakuba nkhuku. Atangokhudza tcheni, akuluwo adatsokomola. Aleck adabwerera.

Sekai adadzuka hafu pasiti wani. Adabwera akumanga duku, adafunsa mwamuna wake kuti wathamanga kangati. Aleck adayang'ana udzu. Ndidafotokoza ndine, ndipo sindidasiye kanthu, ngakhale za masupuni atatu. Mayiyo adayang'ana dziwe la mafuta, adayang'ana botolo lopanda kanthu lili pansi pa mpando.

"Baba, nyamukanipo pamenepo."

"Iwe Sekai, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi amene adandiwonongera kalata ya ku Croydon. Ndidakhala chete. Firiji ndidakhala chete. Lero ayi. Munthuyu maso akutha, mumamuona tsiku lililonse akugunditsa foni pamphuno. Mukufuna mafuta anuwo athamange okha?"

"Mwamuna wako sadadandaule," adatero a Jailos mofatsa. Adatembenuka. "Amkamwini, mwadandaula?"

"Ayi, Baba."

Ndidalavula. Sekai adamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, mmene anesi amayang'anira wodwala amene wabisa mapiritsi pansi pa pilo. Adamulanda nsanza, adatsegula chitini, adagwada mu yunifolomu yake n'kuyamba kupukuta thanki. Mwana wamkazi amatha kuchita zimene mkamwini sangayerekeze, ndipo a Jailos ankadziwa kuti kunyumba amene amaphika ndi yemweyo. Adadzuka, adanyamula mpando, adautembenuza kuyang'ana kuthengo.

"Chabwino. Chimene maso anga sadaone, sindikachiyankha kumwamba."

Apongozi atangopereka msana, Aleck adasanduka munthu wina. Ndinene chilungamo, manja ngati amenewo ndidawaona kamodzi kokha, kwa Mnyasa wina wokonza mapampu m'migodi ya ku Kitwe. Gudumu lidatuluka ndisanamalize kuyatsa ndudu. Koma mafuta a olivi si madzi. Adali atakhala maola anayi akuyenda mwaufulu. Adalowa pansi pa thanki, m'mawaya, m'chishalo. Atatsegula buleki adapeza zikopa za bulekiyo zitamwa mpaka kukhuta, zosatsukika. Adathamanga vani ndi vani kupempha, mpaka nkhalamba ina ya mano awiri idafukula zake zosungira m'bokosi n'kumupatsa osafunsa n'dzina lomwe.

Itangopitirira fili koloko adaitana Marvin. Adayala katoni, adaliza injini. Mafuta otsalira m'mizere adayamba kupsa, malo onse n'kununkha ngati pa chiwaya cha tchipisi, azungu n'kumatembenuka kufunafuna wogulitsa. Pa mphindi yachisanu ndi chitatu, dontho limodzi lidatsika kuchokera pansi pa thanki, lidalendewera, lidagwa. Marvin adaloza ndi cholembera. Aleck adachotsa thanki. Sekai adalowetsa nsanza ndi zala zake zaunesi m'malo amene zala za mwamuna sizikadafika. Katoni yachiwiri idatuluka yoyera, ndipo Marvin adamata chikwangwani itatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti bwalo litsekedwe.

Pamzere wonyamukira padali anthu asanu. Aliyense ankakonza magolovesi, kugwedeza mutu, kupuma, ngati dziko lonse ndi lake. Aleck adafika pa mzere woyera itatsala mphindi khumi ndi imodzi.

Mbendera idatsika. Kamthuthuthu kadalira ngati udzudzu umene wakwiya zaka makumi asanu ndi limodzi, utsi wabuluu pambuyo. Aleck adagona chafufumimba pa thanki, chibwano pa chitsulo, matako m'mwamba, mimba yake ya shuga itapanikizika sindikudziwa pati. Kulira kudakwera, kudakweranso, kudafika pamene ndidati tsopano chiphulika. Sichidaphulike. Adachepa mpaka kukhala kadontho pa phula. Sekai adandigwira phewa mpaka kundipweteka. A Jailos adali chiyang'anire kuthengo, koma khosi lidali litapotoka ndithu.

Kutsidyako kudali njinga zisanu ndi ziwiri zodikira ulendo wobwerera. Tinkaziona patali ngati nyerere. Idabwera yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Folo koloko yeniyeni munthu wa jekete lachikasu adatuluka n'kuika zotchinga pakati pa phula. Otsalawo adabwera pamodzi m'mphepete mwa udzu, pang'onopang'ono ngati operekeza maliro, Aleck ali pakati pawo.

Marvin adabweretsa yekha kapepala ka liwiro, kochepa ngati lisiti ya m'sitolo. Aleck adakasendeza pamphuno, adakatalikitsa, kenako adandipatsa kuti ndiwerenge. Ndidawerenga: 74.6. Marvin adati m'zaka zonse zimene wakhala pa bwalopo sadaonepo kainjini ka mtundu umenewo kakuyenda chotero. Adati ulendo umodzi si rekodi, m'buku simulowa kanthu, koma palibe chodandaula, adzabwerenso mu Meyi adzamalize. Aleck adagwedeza mutu, adathokoza. Za laisensi sadatchule. Sekai adapita kukakhala m'galimoto n'kutseka chitseko.

A Jailos adali atatembenuza mpando. Adatambasula dzanja.

"Tione."

Aleck adatenga kapepala kaja m'manja mwanga, adanjuta, adakapereka ndi manja awiri. Akuluwo adavala magalasi, adawerenga, adafunsa ngati nambalayi ikuposa ya mzungu uja wa m'buku. Atamva kuti ikuposa, adakapinda bwinobwino n'kukalowetsa m'chikwama, akuti mawa kutchalitchi kuli nthawi ya maumboni ndipo anthu a ku London ayenera kumva zimene mafuta amachita.

"Koma mukadapanda kupukuta, amkamwini, ukadakwana handiredi."

"Zoona, Baba," adatero Aleck, akuomba m'manja.

Adadikira kuti apongozi ake adzuke. Kenako adapinda mpando wawo, adachotsa udzu umene udamatirira ku miyendo yake, n'kuunyamula kupita nawo kugalimoto.